Malangizo kwa Wofuna Kudutsa pa Kamwendo Osadziwana ndi Munthu

Masiku ano anthu a m'tauni aphunzira kugona m'tenti mwadala. Kale tenti inali ya pamaliro, ya asilikali, ndi ya anthu amene madzi osefukira awagwetsera nyumba. Lero munthu wa nyumba yabwinobwino ku Area 47 amaigula ndi ndalama zake, n'kuiponya m'galimoto, ati akukapuma. Palibe mlandu. Koma ulendo wotere uli ndi choopsa chimodzi chimene ogulitsa matenti sakuuzani: mukhoza kubwerako mutadziwana ndi anthu. Munthu amanyamuka ku Lilongwe ali mfulu, pobwerera ali ndi manambala a foni achilendo, thumba la mtedza limene sanagule, ndi ukwati wa mwana wa eni ake woti akafikeko mu Disembala. Malangizo awa ndi okutetezani ku zimenezo, ndipo ndasankha Kamwendo chifukwa ndi pamene ambiri amakodwa.

Malowo ali pa msewu wa M12, uja wochoka ku Lilongwe kudzera pa Msundwe, Namitete ndi Waliranji, kukafika pa boma la Mchinji patatha makilomita pafupifupi 110, n'kupitirira kuchipata cha Mwami mpaka ku Chipata. Musanafike pabomapo mupeza mphambano pamene msewu wa M18 umapatukira ku Kapiri ndi ku Kasungu. Pamenepo ndiye pa Kamwendo. Wopita kukaona nyama ku Mfuwe, ku South Luangwa, amadutsa pomwepo. Wochokera ku Zambia wofuna kukagona pa Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu, amakhotera pomwepo. Vuto la mphambano ndi lakuti imasonkhanitsa anthu, ndipo anthu osonkhana amakhala ndi nkhani.

Sankhani mwezi wa Okutobala, ndipo munyamuke dzuwa lili paliwombo. Wonyamuka mbandakucha amafika thupi lili lozizira, mtima uli m'malo, n'kuyamba kuseka ndi aliyense. Inu mufike mutapsa, malaya atamatirira kumsana, kuti aliyense wokuyang'anani muzimuona wolakwa. Mafuta musadzaze, mukaona kutsogolo.

Mukafika, funani tiyirumu. Siyosowa: kanyumba ka nsalu yolendewera pakhomo, utsi ukutuluka kuseri, njinga zitatsamira khoma. Imikani galimoto pakhomo penipeni, pamene pamatsamira njinga zija, ndipo injini musazimitse. Kenako kankhani nsaluyo n'kulowa osanena "odi". Ena amati pamalo a malonda sipafunika odi, ndipo akunena zoona, koma moni amafunika, ndiye apa m'pamene muyenera kulimba mtima. Moni wa kuno si mawu amodzi. Mukati "Mwaswera bwanji, mayi?" ayankha n'kukubwezerani funso. Wokhala pabenchi afunsa kumene mwachoka mwasiyako bwanji. Wina afunsa mukulowera kuti. Wachinayi, nthawi zambiri mkulu wa chipewa, afunsa kuti nanga mugona kuti. Pofika funso limenelo mwatha: mwapeza kale malo ogona, madzi osamba, ndi mnyamata wokulondolerani njira. Chingwe chimenechi chiduleni poyambirira. Lowani mukuyang'ana foni, mukhale, munene kuti "Pali chiyani?"

Adzakuuzani kuti pali tiyi wamkaka ndi wopanda mkaka. Inu itanitsani khofi. Musangoti khofi, nenani cappuccino, ndipo mayiyo akati "Pepani bambo, mwati chiyani?" bwerezani mokweza, popeza chimene chawalepheretsa kumva ndi kuchepa kwa mawu. Akapepesa kuti alibe, aphunzitseni. Auzeni kuti n'zochititsa manyazi kusowa khofi m'dziko limene limalima khofi wabwino ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya, amene Mzuzu Coffee imagulitsa mpaka kunja, ndi wina wa m'minda ikuluikulu ya ku Thyolo. Zonsezi n'zoona, ndipo ubwino wa mfundo yoona ndi wakuti mukhoza kumuzunza nayo munthu popanda wokutsutsani. Chimene simuyenera kufunsa n'chakuti paketi imodzi ya khofi ameneyo ingagule mapaketi angati a Chombe, kapena kuti mwa anthu okhala pabenchipo ndani angalipire kapu yake. Tiyirumu inamangidwa pa masamba a ku Thyolo ndi ku Mulanje, shuga wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndi mkaka wa ufa, chifukwa zitatuzi zimakhutitsa munthu wa ndalama zochepa. Mukaziganizira kwambiri muyamba kuwamvetsa mayiwo, ndipo kumvetsa ndi chiyambi cha chibwenzi.

Amayi a m'matiyirumu ali ndi khalidwe lina loti mulichenjerere: safuna mlendo achoke osamwa kanthu. Mudzaona akunong'oneza mwana, mwanayo n'kuthamangira kugolosale, n'kubwerako ndi kapaketi ka Ricoffy kogulidwa ndi ndalama ya mayiwo. Kanunkhizeni, mukabweze, munene kuti ameneyu si khofi weniweni, ndi wosakaniza ndi chicory. Ndiyeno pitani kugalimoto mukatenge zida zanu: kachigayo kam'manja, kasikelo, kabotolo kosefera. Ziyaleni patebulo lonse. Pemphani madzi otentha okha. Madzi otentha ndi aulere, aliyense amadziwa. Nkhuni zimene zawawiritsa zinadzigwera zokha, ndipo chidebe chinayenda chokha kuchokera kumjigo. Akabwera nawo, funsani ngati awira mokwanira. Mukhale pabenchipo maola awiri, mufunse ngati pali intaneti yaulere, muzule waya wa wailesi imene anthu amamvera Mudzi Wathu kuti mutchaje foni.

Ngati m'gulu lanu muli wofooka amene wavomera tiyi, muthandizeni kudandaula. Tiyi wa patiyirumu amabwera m'kapu yaikulu yokhala m'mbale, atadzaza mpaka kusefukira m'mbalemo. Kumeneko ndi kuolowa manja kwa mwini malo, ndipo odziwa amayamba ndi wa m'mbaleyo. Inu nenani kuti atayira, abweretse nsanza. Beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja zikabwera, zikaneni, mutulutse kabotolo kanu ka mankhwala opaka, mudzipake pang'onopang'ono onse akuona, kuti adziwe maganizo anu pa madzi awo. Masikono, mandasi, zitumbuwa, chigumu, obama ndi binladeni muzitembenuze ndi chala chimodzichimodzi, mufunse kuti zaphikidwa liti, musagule.

Nkhani ya shuga ndiyo mwayi wanu waukulu. Pafupi nanu padzakhala mnyamata wa kabaza amene kuyambira m'mamawa wakhala akupalasa matumba a soya kapena mayi ndi mwana kumsana kupita nawo ku Ludzi. Tiyi wake amamuthirira shuga wosawerenga, ndipo kapu imeneyo ndi banzi imodzi ndiye nkhomaliro yake yonse. Mphamvu ya pamtunda wa madzulo ichokera m'menemo. Mufotokozereni za matenda a shuga. Muuzeni kuti inu munasiya shuga kalekale ndipo mumapalasa njinga yoima malo amodzi ku jimu, yolipira pamwezi. Akaseka, musaseke naye. Kuseka limodzi ndi msampha womwe uja wa moni, wangovala zina.

Polipira tulutsani K5,000 pa kanthu kotsika mtengo kuposa zonse, kuti mayiyo ayende msika wonse kufuna chenji. Akati mukhoza kutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, funsani ngati salandira khadi.

Tsopano za anthu. Patiyirumu ya pamphambano pamapezeka anthu amene atakhala kuti mwawamvera angakuonongereni ulendo wonse, chifukwa mungachokepo mukudziwa zinthu. Pali mavenda ogula mtedza ndi soya, a sikelo yokoloweka pamtengo, amene amadziwa msewu uliwonse wafumbi m'boma lino ndi mlatho umene unakokoloka. Pali mayi wa geni amene amapita ku Chipata kawirikawiri, amene angakuuzeni mtengo wa kwacha ya ku Zambia lero lomwe asanayang'ane paliponse, ndi nthawi imene pachipata sipakhala mzere. Mwina padzakhala mphunzitsi wodikira matola a ku Kapiri, kapena mnyamata wa ku seminale ya Kachebere wobwerera kusukulu. Onsewa njira yowathetsera ndi imodzi: akanena kanthu, yang'anani pafoni n'kuwauza kuti mapu akunena zina. Mapu sanaolokepo mtsinje wa Bua nthawi ya dzinja, choncho alibe mantha, ndipo ndi amene muyenera kuwakhulupirira.

Woopsa kuposa onse ndi mkulu wa chipewa uja. Madala otere amayamba pang'onopang'ono. Adzakuuzani kuti ali mwana boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning, Chipata ili Fort Jameson. Adzakumbuka njanji itafika kuno mu 1980, anthu n'kumati mawa lomwe ilowa m'Zambia, koma inakafika ku Chipata mu 2010, ambiri mwa amene anaombera m'manja poyamba paja atagona kale. Mwina anakagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni kapena m'mafamu a ku Zimbabwe, ndipo anagonapo panja masiku ochuluka kuposa amene inu mudzagone m'tenti moyo wanu wonse. Mukamulekerera, dzuwa lipendeka muli pomwepo, ndipo mudzapezeka mwamugulira tiyi wina. Muduleni pakati. Musamutchule "agogo" kapena "bambo", muziti "aise". Mufunseni ngati mungamujambule, koma mufunse mutajambula kale.

Ngati pali ena amene akadali ndi chidwi nanu, pali funso limodzi lotseka pakamwa pa tiyirumu yonse m'boma la m'malire. Funsani mokweza, mukumwetulira, foni ili m'manja: "Kodi amene amazembetsa chimanga ndi shuga kupita ku Zambia ndi ati pano?" Mudzamva supuni ikugunda kapu. Mukhozanso kuloza munthu n'kumufunsa kuti anene chenicheni, ndi Mmalawi kapena Mzambia. Kuno munthu amatha kukhala ndi munda mbali ino, apongozi mbali inayo, maliro n'kumayendera mbali zonse. Achewa a kuno mu Ogasiti amapita ku Mkaika, ku Katete, ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni mu Febuluwale amapita ku Mtenguleni ku Nc'wala ya Mpezeni. Chipata cha pa Mwami chimene atsogoleri a mayiko awiriwa pa nthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegulira mu 2022 kuti zikalata zizidindidwa pamalo amodzi, ndi cha malole ndi alendo onga inu; chibale chinkaoloka kale chisanamangidwe. Inu umirirani kuti munthu asankhe mbali imodzi. Mukatero nenani kuti Bullets ndi Wanderers zonse ndi matimu a masewera a ana, inu mumaonera za ku England zokha, kuti ngakhale amene amadana pa mpira agwirizane pa inu.

Dzuwa likafiira, yafika nthawi yofuna pogona. Pa boma pali malo ogona alendo, ndipo m'midzi yozungulira muli njira yodziwika: mlendo amaonekera kwa nyakwawa, nanena kumene achokera ndi chimene afuna, ndipo amamuonetsa pabwalo, pasukulu kapena patchalitchi pomwe angakhome tenti, anthu n'kumadziwa kuti wagona apoyo ndi mlendo wa mfumu. Njira imeneyi ndi yachidule, yaulere kapena ya kangachepe, ndiponso yotetezeka, motero siyoyenera munthu wofuna ufulu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sananene kuti phulalo linamupweteka.

Patukani pa kamsewu kafumbi kalikonse, muyang'ane malo okongola. Mu Okutobala dziko la kuno limakhala lambee: minda yapsa, mapesi atha, mitengo yambiri inapita ku zigafa za fodya ndi ku makala. Koma pafupi ndi mudzi uliwonse mudzaona kankhalango kowirira, ka mitengo ikuluikulu yachilengedwe, kamthunzi wozizira, kopanda mbuzi, kopanda ana, kopanda ngakhale mayi mmodzi wotola nkhuni. Mudzadabwa kuti anthu a kuno sadziwa kuyamikira malo abwino. Lowani m'menemo. Nkhuni zouma zili mbwee, zosatoledwa ndi munthu. Sonkhani moto waukulu. Timilu tadothi tondandana timene mudzaone m'katimo ndi tabwino kutsamiritsa mutu kapena kuikapo mbaula ya gasi. Mukapeza mbale yakale yobooka kapena mtanda wathabwa, ikani pambali kuti zisakupunthwitseni usiku.

Mwina cha kumadzulo mudzamva ng'oma, kenako n'kutulukira chinthu cha nthenga ndi nsanza, thupi lopakidwa dothi, chikuthamanga m'kanjira. Anthu a kuno akakumana ndi gule amapatuka, ena amanjuta, wina amaponya kandalama pansi, ndipo palibe amene amafunsa mafunso. Inu muli ndi mfundo: UNESCO inalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo inu ndinu munthu wa dziko lapansi, choncho muli ndi gawo. Imani pakati pa njira. Muunikeni kumaso ndi tochi. Mufunseni dzina, ndi kuti chigobacho anagula kuti, ndipo ngati pali ana pafupi auzeni kuti asaope, ndi munthu chabe wavala. Sindikudziwa chiganizo china m'Chichewa chonse chimene chingakufikitseni kwa mfumu mofulumira kuposa chimenechi.

Amene sakonda mitengo akhoza kukakhoma kudambo, kumene udzudzu umachitira misonkhano, kapena pakati pa udzu wouma, nyengo yomwe anyamata osaka mbewa amatentha tchire. Neti musatenge, malungo ndi a anthu a kumudzi. Nsapato musiye panja kuti zinkhanira zipeze pogona, ndipo chitini cha nsomba chotsegula chigone pakhomo pa tenti, linthumbu lisavutike kukufunani. Madzi mukatunge pamjigo, koma osakhala pamzere: pitirirani zidebe zonse za amayi, mutsukire mbale zanu pakamwa penipeni pa mjigo, ndipo ngati kwatentha kwambiri vulani malaya musambe pomwepo.

Usiku valani tochi yapachipumi muziyendayenda kuseri kwa nyumba za anthu, mukufuna pamene foni ingagwire. Pano ndinene mosapita m'mbali, chifukwa ngakhale wolangiza zolakwa ali ndi malire ake: mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera, ndipo ena mwa iwo mlandu wawo unali kungokhala achilendo pamalo pamene sanadziwike. Mudzi ukafuna kudziwa amene wagona kuseri kwake, sikuti ukulowerera za eni. Langizo la tochili mulitsate pokhapokha ngati mwatsimikiza kuti kwanu kulibe amene akukudikirani.

Tinene kuti mwachita mwayi, amene akupezani ndi anthu odekha: akuluakulu awiri atatu ndi anyamata a chitetezo cha m'mudzi. Adzaima chapatali, chifukwa iwo m'kankhalango kaja salowa wamba, n'kuti, "Zikomo kumeneko, achimwene. Afumu akuti tionane." Mukafika pabwalo adzakupatsani mpando kapena mphasa. Musakhale. Imani chiriri, chipewa kumutu, manja m'thumba, mulankhule ndi mfumu mwachindunji osadzera kwa nduna yake. Nenani kuti malo onse ndi a boma, ndipo panalibe chikwangwani. Tchulani dzina la munthu wamkulu amene mumamudziwa ku Capital Hill. Akagamula kuti mupereke nkhuku, kapena mbuzi ngati moto uja unali waukulu, pemphani lisiti. Munthu wopepesa msanga, atakhala pansi n'kuomba m'manja, mlandu wake umatha mwezi usanakwere, ndipo nthawi zina chindapusa chimatsika. Woimirira amaukokera mpaka tambala woyamba, ndipo ndiye amapindula mokwanira ndi ulendo wake.

Mphindi yoopsa kwambiri pa ulendo wonse imabwera mlandu utatha. Anthu a kuno sasunga mkwiyo pa munthu amene walipira. Mfumu yomwe ija idzati, "Basi zatha. Mlendo wathu asagone kutchire, mukhomereni chinyumba chakecho apa." Anyamata adzanyamula katundu wanu osaphonya ngakhale supuni. Mayi wina adzatuluka ndi madzi osamba ofunda, kenako nsima ya ufa woyera ndi nkhwani wotendera wa kudimba, mtedza wake wa m'boma lomwe lino, mwinanso dzira lokazinga limene likanakhala la mwana. Ndaona anthu olimba, amene anapirira patiyirumu osapereka moni, akugonja pa mbale imeneyi, mawa lake n'kumatchedwa "alamu". Inu nenani kuti mwadya kale. Lowani m'tenti, mutseke zipi, mutsegule chitini cha nyemba, mudye mumdima mosatafuna mokweza.

Kukacha galimoto idzakana kulira, chifukwa usiku wonse batire inali kudyetsa kafiriji ndi mafoni. Mudzafunika okankha. Adzabwera okha musanawaitane: mnyamata wa kabaza uja, mmodzi wa mavenda, ana a sukulu atatsamiritsa makope pamtengo, ndi mkulu wa chipewa akulamula kumbuyo kuti "Tiyeni nayoni!" Khalani m'kati, magalasi otseka. Ikangolira, pondani mafuta osaima, popeza mukaima ikhoza kuzimanso, ndipo fumbi lidzawauza kuti mwathokoza. Pa mphambano khoterani kumene mafuta otsalawo angakufikitseni. Pamene foni yagwira bwino, ikani pa Facebook chithunzi cha kankhalango kaja, mulembe kuti mwapeza malo abata ku Mchinji amene anthu sanawatulukire, ndipo muike ndi mapu ake kuti anzanu asasochere.